Tikufuna kuthokoza mayi woteteza ana m'dera lathu, koma tiwathokoze motani?

Nagama wa ku Thyolo:

Moni nonse. Ndabwera kudzapempha nzeru. Ine ndine mlembi wa komiti ya chitukuko kwathu kuno, ndipo tagwirizana zowachitira kamwambo mayi ena amene akhala akugwira ntchito yoteteza ana m'midzi yathu kuyambira kalekale. Akupuma chaka chino, miyendo yayamba kukana. Dzina sinditchula, eniake sakonda zotchuka.

Kuti mumvetse munthu amene ndikunena: mwana akangojomba kusukulu masiku angapo, mumangoona njinga yawo yatsamira pamtengo wa mango pakhomo pa makolo ake. Mtsikana akamukwatiwitsa ali Sitandade 7, ndi iwo amene amayamba kwa amfumu, kuchoka apo kupolisi ku Victim Support Unit (ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza), kuchoka apo kwa ahedi kukapempha kuti mwanayo amulandirenso. Kabuku kawo amakakulunga mu jumbo ya shuga kuopa mvula, ndipo palibe amene anakawerengapo, ngakhale bambo akunyumba. Nthawi ya namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, ife tili kalikiliki kulimbirana ufa ndi mabulangete pamsasa, iwo ankazungulira m'makalasi momwe tinkagona, kufunsa kuti mwana uyu wagona ndi ndani, uyu mayi ake ali kuti. Sanapume mpaka atsikana atapatsidwa chipinda chawochawo, kutali ndi cha amuna.

Tsono komiti yagawikana. Ena akuti chitenje ndi satifiketi ya mufelemu, tiitane amfumu ndi akhansala, basi. Ena akuti mbuzi. Apampando athu ndiye akuti tiitane ana onse amene mayiwa anawathandiza, aliyense aimirire pabwalo afotokoze zomwe anakumana nazo, kuti anthu aone kukula kwa ntchito. Ganizo limenelo ine likundikhumudwitsa mumtima, koma pakamwa pakundisowa mawu oti ndiwakanire nawo. Ndalama tasonkha zochepa. Amene mumagwira ntchitoyi, kapena munachitapo zoterezi, tithandizeni.

Wa ku Magomero:

Amayi, poyamba zikomo poganiza zimenezi, sizichitikachitika. Ine ntchitoyi ndinaphunzira kukoleji ya Magomero ku Chiradzulu, ndipo ndikuigwirabe.

Ganizo la apampando anu likaneni. Mwaulemu, koma likaneni. Mawu amene mukusowawo ndi awa: mwambo utha dzuwa likamalowa, koma mwanayo atsala m'mudzimo. Mtsikana amene anagwiriridwa ndi amalume ake akafotokoza pabwalo lero, mawa pamjigo nkhani ikhala yake, kusukulu anzake amupatsa dzina, ndipo abale a amalumewo, amene anali atayamba kuiwala, mkwiyo uyambiranso. Ngakhale kukhoti la ana, malinga ndi lamulo la chisamaliro ndi chitetezo cha ana la 2010, milandu siimvedwa pachigulu, ndipo atolankhani saloledwa kuulutsa dzina la mwana. Ndiye chimene khoti limabisa, komiti ikachiulule pa chimkuzamawu? Kabuku kali mu jumbo kaja mayiwo akasunga zaka zonsezi. Mukaimika anawo pagulu ndiye kuti mwakatsegula inuyo, pa tsiku lomwe mukuti mukuwalemekeza.

Ndikumvetsa komwe apampando akuchokera. Ntchito yathu imavuta kuionetsa. Mphunzitsi amaloza ana amene asankhidwa kupita kusekondale, namwino amaloza wodwala amene wadzuka. Ife ntchito ikayenda bwino palibe chooneka: mwana ali m'kalasi monga anzake, basi. N'chifukwa chake anthu ambiri amangotidziwa ndi Mtukula Pakhomo, ndondomeko ya boma yopereka ndalama kwa mabanja ovutikitsitsa. Chiyambireni ku Mchinji mu 2006, ukangotsika njinga funso loyamba limakhala lakuti ndalama zibwera liti.

Mukandifunsa chimene ine ndingafune, ndi kalata. Yolembedwa bwino, yosainidwa ndi amfumu, komiti, ahedi ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, yofotokoza ntchito popanda dzina la mwana aliyense. Ina muwapatse eniake, ina ipite kwa bwanamkubwa. Ambiri mwa oteteza ana m'midzimu anayamba ngati odzipereka, ena mpaka lero sali pamalipiro, ndiye pepala losonyeza kuti dera lonse linaona ntchito yawo si chinthu chaching'ono.

Achimwene a ku Mtakataka:

Pepani a ku Magomero, kalata ndi yabwino, koma kalata sadya. Satifiketi ndiye osanena, nyumba za agogo athu zadzaza nazo, mphemvu zikuswana kuseri kwa felemu. Mayi amene adathera nsapato m'njira zanu agulireni mbuzi yaikazi, kapena malata ngati denga likudontha. Kafufuzeni mwakachetechete kwa ana awo kuti chosowa n'chiyani.

Ine ndikuchokera m'dera la Kachindamoto ku Dedza. Mfumu Theresa Kachindamoto idatchuka dziko lonse lapansi chifukwa chothetsa maukwati a ana mazanamazana, ndipo kutchukako kudali koyenera, idalimba mtima mpaka kuimitsa mafumu ang'onoang'ono amene ankalekerera. Koma mfumu siingaone zochitika m'nyumba iliyonse. Idali ndi amayi ndi abambo achinsinsi m'midzi amene ankaitsina khutu, ndipo anthu amenewo sadatchuke ngati mfumuyo. Aphungu adakhazikitsa lamulo la maukwati mu 2015, kenako mu 2017 adasintha malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Zonsezo zidachitikira ku Lilongwe. Amene amakagogoda pakhomo pa bambo wolusa amene wadya kale ndalama za mkamwini ndi mayi wa njinga ngati wanuyo.

Funso langa kwa inu a Nagama: akapuma, alowe m'malo ndani? Ngati simunaganizepo, mwambowo ukhala ngati maliro a ntchito.

Nasibeko ku Leeds:

Ine ndili kuno ku England, ndimasamalira okalamba, ndiye ndimakumana kawirikawiri ndi anthu a ntchito imeneyi. Kuno kuli mphoto za ogwira ntchito yachisamaliro cha anthu zotchedwa Social Worker of the Year Awards zomwe zimaperekedwa chaka ndi chaka, ndipo munthu amatha kumulembera anzake kapena mabwana ake kufotokoza chifukwa chake akuyenera. Nkhani ya munthu wothandizidwa ikamanenedwa pagulu kuno, dzina amalisintha kapena amayamba apempha mwiniwake. Ndiye zomwe anena a ku Magomero si zakwathu kokha.

Ngati tsiku simunasankhe, dziko lonse lapansi limakumbukira ntchito yachisamaliro cha anthu Lachiwiri lachitatu la mwezi wa Marichi. Kungoti ndi nthawi ya mvula ndiponso njala, kusonkha kungavute. Inu ndi amene mukudziwa matumba a anthu anu.

Mphunzitsi wamng'ono:

Ndawerenga zonse, ndipo ndikufuna ndinenepo mbali imene simunaimve. Ine ndine mmodzi mwa ana oterowo, ngakhale si kwanuko. Anandichotsa kubanja ndili ndi zaka 15, ndili ndi mwana kumsana, n'kundibwezera kusukulu. Amene anachita zimenezo ndi bambo ena a ofesi ya zachisamaliro cha anthu, mnzanga ataimba lamya pa 116, nambala yothandizira ana. Tsiku limenelo sindinawathokoze. Ndinawatukwana, chifukwa ndinkaona ngati andichititsa manyazi ndi kundilanda ndiwo. Mayi anga anakana kuwapatsa ngakhale mpando, anakhala pa njerwa. Lero ndikuphunzitsa Sitandade 4, ndipo bambowo anamwalira ndisanapite kukawaona.

Ndiye a ku Magomero, zoti ana asaimikidwe pabwalo ndikugwirizana nanu kwathunthu. Koma musatitsekerenso pakamwa ife amene takula. Alipo ena kwa a Nagama amene pano ndi akuluakulu, ali ndi mabanja awo, ndipo mawu othokoza akuwalemera. Kusiyana kwake ndi kwakuti asachite kuitanidwa ndi apampando, chifukwa kumudzi apampando akakuitana sukana. Ndiponso kungolemba mndandanda wa oitanidwa ndi kuulula kale. Lengezani kutchalitchi, kumzikiti ndi kumsika kuti amene ali ndi mawu kwa mayiwa alembe kapepala, atseke, aponye m'katoni. Osadziwa kulemba angathe kupita okha kunyumba kwawo tsiku lina. Katoniyo mayiwo akaitsegule ali okha.

Nagama wa ku Thyolo:

Abale, mwandithandiza kuposa momwe ndimayembekezera. Aphunzitsi, nkhani yanu ndaiwerenga n'kuyamba ndakhala chete. Za katoni ndazitenga momwemo. Ndiiika kusukulu ya mkombaphala, chifukwa kumeneko aliyense amalowa ndi kutuluka popanda wofunsa.

Apampando sindikawakanira pamsonkhano, ndi munthu wamkulu, pagulu angaumirire. Ndidutsa kunyumba kwawo Loweruka, ndikawafunse ngati angalole mdzukulu wawo kuima pabwalo kunena zoterozo. Ndikuwadziwa, akamva.

Achimwene a ku Mtakataka, mwandigwira pakhosi. Za wolowa m'malo sitinakambepo n'komwe. Pali mtsikana wina amene wakhala akuyenda nawo mayiwa kuyambira nthawi ya Freddy ija, mtima ali nawo, koma amayenda wapansi. Njinga ya mayiwo ndi yawoyawo, ndiponso yatheratu, tcheni chimangovuka paliponse. Ndikapereka ganizo loti za satifiketi tisiye, ndalamazo tiwonjezere pa mbuzi, ndipo tsiku la mwambolo mbale iyende ya njinga ya mtsikanayu. Chitenje amayi a kumpingo anena kale kuti agula okha, amenewo sungawaletse.

A ku Magomero, ndifunsenso chimodzi. Kalata yopita kwa bwanamkubwayo iyambe yadutsa kwa amfumu aakulu kuti adindepo, kapena tingakapereke tokha kuboma? Nanga m'kalatamo tingapemphemonso kuti mtsikanayu amuganizire maphunziro, kapena pamenepo pafunika ina yapadera?