Zithunzi za tauni ya Chipata zikutuluka zotuwa, malata okhaokha: ndikonze pati?

Studio ya ku Kapata

Akuluakulu, mwaswera bwanji nonse. Kasitomala akufuna zithunzi ziwiri za tauni ya Chipata, kuno ku Zambia: choimirira cha pachikuto cha kabuku ka A4, ndi chopingasa cha kalendala ya A3. Mawu ake ndi akuti Chipata anakhala mzinda mu 2017, koma zithunzi zimene zimayenda ndi za chipata cholandirira alendo chija ndi za mwambo wa Angoni wa Nc'wala basi, ndiye akufuna tauni yeniyeni ioneke. Zomwe ndajambula pa phiri la Kanjala cha m'ma 16:00 zatuluka zotuwa, mapiri akutali asungunukira m'mwamba, nyumba ndi timadontho, malata akuthwanima. Kamera ndi Canon ya crop (ya sensa yocheperako), 24 megapixel. Malenzi ndi 18-55 ndi 55-250, tripod ilipo, polariser (fyuluta yochepetsa kunyezimira) ya 58mm ilipo. Ndinali pa 18mm, f/16, ISO 400, JPEG. Ntchito ikufunika September asanathe.

Mdala wa Filimu

Mwana wanga, phirilo silinalakwe, yalakwa ndi nthawi. Kanjala ali chakum'mawa kwa tauni, ndiye ukaima pamenepo madzulo kamera yayang'ana kumene dzuwa likulowera. Mwezi uno wa September mpweya wadzaza fumbi ndi utsi wa tchire limene anyamata osaka mbewa akutentha. Utsi umenewo ukawalidwa kuchokera kutsogolo kwako umayera, nkuphimba zonse zili kumbuyo kwake. Dzuwa likakhala kumsana kwako utsi womwewo suwala choncho, mitundu imabwerera.

Choncho kwera m'mawa. Masiku ano dzuwa likutuluka cha m'ma 05:45, ndipo pafupi ndi 22 September limatulukira kum'mawa kwenikweni. Likangotuluka usathamangire kudina, chifukwa mthunzi wa phiri umakhala udakali pa nyumba zapafupi. Dikira mthunziwo ubwerere m'munsi mwa phiri, kuwala kugwire makoma a tauni. Kuyambira pamenepo mpaka cha m'ma 07:30 ndiyo nthawi yako. Ikakwana 09:00 malata ndi phula zatentha, mpweya wayamba kunjenjemera, ndipo pa 200mm mizere ya nyumba imatuluka yokhotakhota. Zimenezo palibe pulogalamu imene ingawongole.

Chachiwiri, vula 18-55. Chipata alibe nyumba zazitali zambiri, ndiye lenzi yotambasula imangozikankhira kutali, theka la chithunzi nkukhala thambo lotuwa, theka udzu wouma wa pamapazi ako. Vala 55-250, uyambe pa 135mm, uyesenso 200mm. Lenzi yaitali imaunjika zinthu: msewu, mashopu, nsanja za mzikiti, kenako phiri kumbuyo, zonse kuoneka zothithikana. Kuthithikana kumeneko ndiko kasitomala akukutcha mzinda.

Kamera uitchere motere: RAW (fayilo yosakonzedwa ndi kamera), ISO 100, f/8, pa tripod, stabiliser yozimitsa, timer ya masekondi 2. Pa f/16 sensa ya crop imayamba kufewetsa chithunzi, komanso kafumbi kalikonse ka pa sensa kamaonekera m'thambo.

Mayi wa Maukwati

Amdala anena zoona, koma m'mawa nawo uli ndi msampha wake. Tauni yathuyi inakhala m'chigwa pakati pa mapiri. Usiku kukakhala bata, utsi wa mbaula ndi wa zinyalala zotenthedwa suchoka, umagona pamwamba pa makomboni mpaka dzuwa litenthe. Tsiku lotero mukwera phiri nkupeza chinsalu choyera pa Kapata yense. Sankhani m'mawa umene usiku wake kunali mphepo. Muyeso wake ndi wapafupi: musanakwere, yang'anani phiri la kutsidya. Ngati mitengo ya pamwamba pake ikuoneka umodziumodzi, kwerani. Ngati phiri likungooneka chimthunzi chabuluu, pitani mukamwe tiyi.

Ndipo achimwene, musakwere nokha kudakali mdima ndi chikwama cha makamera. Tengani mnzanu, akuthandizeninso tripod.

Studio ya ku Kapata

Zikomo amdala, zikomo amayi. Nanga polariser ija? Ndinaiyesa madzulo omwe aja, sinasinthe kanthu.

Mdala wa Filimu

Sikanasintha. Polariser imagwira bwino dzuwa likakhala m'mbali mwako, pa madigiri 90 ndi kumene lenzi yaloza. Ukaloza kudzuwa, kapena dzuwa lili kumsana ndendende, imangokudyera kuwala pafupifupi masitopu awiri kwaulere (sitopu iliyonse imadula kuwala ndi theka). Ndiye m'mawa usaime poti dzuwa lili pa nkhongo penipeni. Yenda m'mbali mwa phiri kufikira kuwala kukubwera chopendekera paphewa. Pamenepo fyuluta iyamba kugwira, ndipo nyumba zikhala ndi mbali yowala ndi mbali ya mthunzi, osati zafulati.

Za malata udziwe ichi: malata osapenta, kunyezimira kwake polariser sikuchotsa kwenikweni, chifukwa ndi chitsulo chosavala kanthu. Malata opentedwa, ofiira ndi obiriwira aja, amamvera bwino, mtundu wake umadzuka. Oyerawo uwagonjetse ndi exposure, kuchuluka kwa kuwala kolowa m'kamera. Yatsa highlight alert, imene imaphethiritsa malo owala mopitirira pa sikirini, utsitse mpaka malata ambiri asiye kuphethira, nthawi zambiri ndi -2/3 kapena -1. Ukafuna chitetezo jambula katatu, -2, 0, +2, ukaphatikize pa kompyuta.

Wa Droni

Bwanji osangoulutsa droni pamwamba pa Umodzi Highway nkumaliza nkhani?

Mayi wa Maukwati

Droni ya malonda imafuna zilolezo za Zambia Civil Aviation Authority, ndipo kuulutsa pamwamba pa khamu la anthu m'tauni si nkhani yongodzukira. Koma tisiye za mapepala. Droni zambiri zili ndi lenzi yotambasula, ndiye vuto la 18mm lija mwangolikweza kumwamba. Mukayang'anitsa pansi mupeza malata ndi fumbi, mapiri mwawataya. Chipata wopanda mapiri kumbuyo angakhale tauni iliyonse ya pa Great East Road.

Ine ndikuti chikuto cha A4 chisachokere pa phiri nkomwe. Phiri lisiyireni kalendala. Chikuto mukachitenge pansi, ku Down Shops, chifukwa kumeneko ndiko kuli nkhope ya tauni: makhonde a mashopu akale, zikwangwani zolembedwa pamanja, mzikiti, njinga zonyamula anthu ndi matumba, njinga zamoto zikudulira pakati. Pezani msewu umene kumapeto kwake kukuoneka phiri. Bwererani kumbuyo mamita 80 kapena 100 kuchoka pa nyumba imene mukufuna, muike lenzi pa 100mm mpaka 135mm, kamera yoimirira. Phiri lidzadzuka kumbuyo kwa madenga nkudzaza pamwamba pa chithunzi, ndipo pamenepo ndi pomwe wopanga chikuto adzaike mutu wa kabuku. Musiyireni gawo limodzi mwa magawo atatu.

Shata: pa 1/500 njinga yoyenda ioneka yoima bwinobwino, ndiponso pa 135mm ya crop m'manja musatsike kuposa apo ngati stabiliser ndi yofooka. Mukafuna kuti msewu uoneke wamoyo, kwezani kamera pa tripod, tsikani pa 1/15 kapena 1/20. Nyumba zikhala zakuthwa, wanjinga adutsa ngati mphepo, nkhope yake osadziwika. Njira imeneyi imapulumutsanso pa nkhani ya chilolezo cha munthu wojambulidwa. Masana kuti mufike pa 1/15 pafunika fyuluta ya ND yochepetsa kuwala, koma m'mawa kwambiri kapena dzuwa litangolowa ISO 100, f/11 ndi polariser zimakwanira.

Malo enieni oimapo ndi pakhonde la nyumba yosanja, pansanjika yoyamba. Mamita 4 kapena 5 okha amachotsa mitu ya anthu ndi madenga a minibasi kutsogolo kwa lenzi, msewu nkutambasuka. Kapempheni mwini shopu dzulo lake, osati nthawi yomweyo akutsegula, ndipo mumulonjeze chithunzi chimodzi cha shopu yake. Ambiri savuta.

Studio ya ku Kapata

Pansipo ndiye pali mawaya a magetsi paliponse, komanso nyumba zikumatuluka zogwera chagada.

Wa Mapulani a Nyumba

Kugwa chagadako kumabwera mukaweramutsira kamera m'mwamba kuti denga lilowe. Kamera ikhale yowongoka, yatsani level ya pa sikirini kapena gridi, mzere wa khoma ugwirizane ndi mzere wa gridi. Denga likakana kulowa, bwererani kumbuyo kapena kwerani pakhonde monga anenera amayi. Ngati palibe kothawira, jambulani motakasuka, musiye malo opanda kanthu okwana 15 kapena 20 peresenti kuzungulira nyumba, chifukwa Transform ya mu pulogalamu ya Lightroom powongola makoma imadya m'mphepete. Ambiri amathinitsa chithunzi pojambula, powongola nkupeza nsonga ya nsanja yadulidwa.

Mawaya ali mitundu iwiri. Amene ali pafupi nanu, mamita awiri kapena atatu kuchoka pa lenzi, pa 200mm f/5.6 amasungunuka, koma amasiya kamzere kotuwa, ndiye ndi bwino kungosuntha phazi. Akutali aja lenzi yaitali imawaunjika pamodzi. Yesetsani kuti adutse pa thambo kapena pa phiri, pamene kufufuta nkosavuta, asadutse pa mawindo ndi pa zilembo za zikwangwani. Poti iyi ndi ntchito yotsatsa, kufufuta waya palibe mlandu. Chikanakhala cha nyuzipepala sitikanakhudza. Komabe musafufute onse. Msewu wa Chipata wopanda waya ndi umodzi womwe, aliyense wakuno adziwa kuti chaphikidwa.

Mdala wa Filimu

Pa kalendala ndiwonjezere njira ina, mwina utsi ukana kuchoka masabata onsewa. Usiku utsi suoneka kwambiri. Bwerera pa Kanjala madzulo, koma osati 16:00. Dzuwa likulowa cha m'ma 17:45. Khala utatchera kale zonse pofika 17:30, focus uike pa manual pa nyumba yakutali kudakali kowala, chifukwa mumdima lenzi imeneyo imasakasaka. Kuno kwathu chisisira nchachifupi, mphindi 20 kapena kuposa pang'ono, ndipo mphindi zabwino zenizeni, pamene magetsi a m'tauni akulingana mphamvu ndi thambo, sizipitirira 10. Jambula mphindi iliyonse. ISO 100, f/8, shata iyamba pa masekondi 2 nkumakwera mpaka 15 kapena 20. Kuyambira pa masekondi 8 magetsi a magalimoto amajambula mizere mumsewu waukulu, mzere umenewo ndiwo umasonyeza maso kuti tauni yayenda chotani. Polariser uchotse. White balance usasiye pa auto, ika cha pa 4000K kuti thambo likhale labuluu, magetsi achikasu asapse kwambiri.

Mphepo ya mwezi uno imagwedeza tripod yopepuka. Usatulutse chitsulo chapakati, kolowekapo chikwama kuti ilemere, lamba wa kamera umange asamakupize. Ndipo uyambe waona ndandanda ya kuzima kwa magetsi. Kukwera phiri tsiku limene theka la tauni lili mumdima nkungotaya nsapato.

Wa Pulinta

Ndilankhuleko za kumapeto, poti zolakwika zonse zimadzatulukira kwa ife. A4 pa 300 dpi, kuphatikiza bleed (malo owonjezera odulidwa posindikiza) ya 3mm mbali zonse, ndi mapikiselo pafupifupi 2551 kwa 3579. Kamera yanu imapereka 6000 kwa 4000, ndiye chikuto mukachijambula choimirira muli ndi malo ambiri odulira. Mukachijambula chopingasa nkudzadula kuti chiime, mutsala ndi 4000 m'litali, zikwana koma mothina. A3 yopingasa ikufuna 4961 kwa 3508 bleed isanalowe, kutanthauza kuti pa kalendala mungadule pang'ono chabe. Mukafuna mpata, pangani panorama: kamera yoimirira, zithunzi 4 kapena 5, chilichonse chilowane ndi chinzake gawo limodzi mwa atatu, exposure ndi focus pa manual, polariser yochotsa kuopa thambo la mawangamawanga.

Dehaze, chida cha mu Lightroom chochotsera utsi pa chithunzi, ndiyo imatipweteka. Anthu amaikoka mpaka +60, pa foni chioneka bwino, pa pepala thambo lituluka lofiirira ndipo m'mphepete mwa phiri muli mzere woyera. Ikani +15 mpaka +25, ndipo muike ndi mask pa mapiri ndi nyumba zakutali zokha, osati chithunzi chonse. Zotsalazo malizani ndi Blacks ndi curve. Buluu wowala wa chisisira uja CMYK, inki ya makina osindikizira, siimufikira, amatuluka wozimirira, choncho pemphani proof, kope loyesera, papepala lomwelo musanavomereze zonse. Zithunzi zausiku muziwalitseko pang'ono kuposa mmene zikukomerani pa sikirini, pepala limadetsa. Fayilo mubweretse pa flash kapena muitumize ngati document. Mukaitumiza pa WhatsApp ngati chithunzi wamba imafinyidwa, A3 siingatuluke.

Mayi wa Maukwati

Chinanso tisanaiwale, za anthu. Pa Kapata Market kapena Saturday Market musangotulukira ndi lenzi yaitali, yambani mwaonana ndi a komiti ya msika, akuperekezeni. Munthu amene nkhope yake ikudziwika bwino pa chikuto cha malonda asaine kapepala kovomereza, ndipo mumuuze kumene chithunzi chikupita. Ana asiyeni pokhapokha kholo lilipo. Mzikiti kuujambula muli mumsewu palibe vuto, koma Lachisanu masana ndi nthawi ya mapemphero, pitani tsiku lina kapena mupemphe kaye. Polisi, ndende ndi kampu ya asilikali musalozeko lenzi nkomwe, ndipo pa mabanki alonda adzakufunsani. Yendani ndi kalata ya kasitomala yofotokoza ntchito, pamodzi ndi NRC, chiphaso chanu cha unzika.

Studio ya ku Kapata

Ndamva zonse akuluakulu. Chikuto ndikatenga ku Down Shops pakhonde, kalendala pa Kanjala m'mawa, chisisira ngati chosungira. Funso lotsala: kasitomala akufuna mapiri obiriwira, koma pano ndi ofiirira. Ndipente pa kompyuta?

Mdala wa Filimu

Usapente. Udzu wouma ukausandutsa wobiriwira, mitengo ya mango ya m'tauni imene ndi yobiriwira kale imasanduka ya pulasitiki, ndipo thambo la utsi limakuulula. Muuze kasitomala asankhe: kabuku katuluke tsopano ndi kuwala kwa m'mawa, kofiirira kwa phiri kumakhala kokongola dzuwa likadali pansi, koma kalendala ngati ingadikire, idikire mvula. Mvula yoyamba ya November imatsuka mpweya, m'mawa wotsatira mapiri amaoneka mpaka kutali ngakhale udzu usanamere. Kubiriwira kwenikweni ndi kumapeto kwa December kupita m'tsogolo.

Wa Pulinta

Kalendala ya January siingadikire December, makina amakhala odzaza kuyambira pakati pa November. Ngati akuumirira zobiriwira, funsani muno amene ali ndi RAW ya February kapena March yojambulidwa pa Kanjala, mugule chilolezo chogwiritsa ntchito, mulembe pa pepala kuti ndi cha kalendala yokha, makope angati, chaka chiti. Musanalipire muitsegule pa 100 peresenti, muone ngati nyumba zatsopano za mumsewu waukulu zilimo, chifukwa kasitomala amayamba kufunafuna nyumba yake.