Thandizo: sepia ikudetsa malo oyera pa zithunzi zakale

Moni nonse akuluakulu. Ndili ndi zithunzi zaukwati zakale, zakuda ndi zoyera, ndipo eni ake akufuna ndiziike mtundu wa sepia (wabulauni ngati wa zithunzi zamakedzana) tisanazisindikize. Ndinazichita sikani pa 600 dpi, n'kusunga ngati TIFF, ndipo ndikugwiritsa ntchito pulogalamu yokonzera zithunzi ya GIMP 2.10 pa Windows 10.

Vuto lili pa malo oyera a chithunzi. Diresi la mkwatibwi ndi velo zikutuluka zachikasu ngati nsalu yochapidwa m'madzi amatope, pomwe masuti akuda akuoneka bwinobwino.

Ndinasintha Mode kuchoka pa Grayscale kupita pa RGB, kenako ndinakonza kuwala ndi Levels. Ndayesa Sepia ya mu Colors, komanso Colorize (Hue 0.09, Saturation 0.25). Ndikatsitsa Saturation diresi limayera ndithu, koma nkhope zimabwerera ku imvi, sepia osaonekanso.

Kodi pali manambala a Curves, pa Red ndi Blue, oti mtundu ugwire pakatikati ndi pakuda pokha? Kapena ndipange layer mask (chophimba chosankha malo oti mtundu ugwire) kuchokera ku chithunzi chomwecho? Ngati ndi mask, kodi ndiitembenuze ndi Invert ndisanaiike? Amene munachitapo, ndithandizeni ndondomeko yake chonde.