Hadi disiki yayamba kulira tiki tiki ndipo zithunzi za kasitomala zili mommo

Kamerayanga:
Akuluakulu ndithandizeni chonde mutu wangoima. Masabata atatu apitawa ndinajambula ukwati, ma RAW (mafayilo a zithunzi osakonzedwa, monga atulukira mu kamera) pafupifupi 1,800, ndinakopera onse mu hadi disiki yanga ya external (yolumikiza ndi chingwe) ya 2TB kenako makhadi awiri a 64GB ndinawafomata mu kamera monga ndimachitira nthawi zonse. Dzulo usiku ndikudzuka pampando phazi linakola chingwe, disiki inagwa pansi ili mkati mozungulira. Pano ndikailumikiza ikumveka tiki tiki tiki kenako zii, kompyuta nthawi zina ikuiona nthawi zina ayi. Ndayesa kanayi kapena kasanu. Banjali likudikira album kumapeto kwa mwezi uno ndipo palibe kwina kumene ndinasunga. Ndiyambire pati?

Wamakompyuta:
Choyamba ichotseni pompano, musailumikizenso ngakhale kamodzi. Mkati mwa disikiyo muli timbale tozungulira maulendo 5,400 pa mphindi, zina 7,200, ndipo kamutu kowerenga kamayandama pamwamba pa mbaleyo osaikhudza, mpata wake ndi wochepa kwambiri kuposa tsitsi. Ikagwa ikuzungulira kamutuko kamamenya mbale. Phokoso mukumvalo ndi kamutu kakulephera kupeza pomwe kawerenge ndiye kakubwerera, kakuyesanso. Ngati kapindika ndiye kuti ulendo uliwonse mukuyatsa kakukanda pamene pali zithunzi zanuzo, ndipo malo okandikawo palibe katswiri angawabweze. Musayendetse chkdsk (pulogalamu ya Windows yofufuza ndi kukonza disiki), musayese mapulogalamu aja obweza mafayilo pa disiki imeneyi, komanso musaitsegule ndi sikuludilaiva, kafumbi kamodzi kokha nkokwanira kuononga.

Funso langa ndi la makhadi. Chifomatireni mwajambulirapo china?

Chithunzi24:
Pepani achimwene. Ine ndinamvapo kuti mukaikulunga mu pulasitiki nkuiika mufiriji usiku wonse imadzuka kwa kanthawi, mwina muyese zimenezo mukopere msangamsanga

Wamakompyuta:
Ayi ayi chonde musatero. Njira imeneyo anthu ankaiyesa pa madisiki akalekale amene zitsulo zake zinkagwirana. Apa vuto ndi kamutu kovulala, kuzizira sikungakaongole, ndipo mukaitulutsa mufiriji chinyezi chimachita mame pa mbale zija, mwaonjezera vuto lina pa vuto lomwe lilipo kale.

Kamerayanga:
Ndaichotsa ndaiika mu kabokosi. Makhadi: imodzi sindinaigwiritsenso ntchito, ili mu chikwama chifomatireni, ndi imene inali ndi phwando la madzulo. Inayo ya mwambo wa m'mawa ndinajambulirapo tsiku lobadwa la mwana sabata yatha, zithunzi ngati 300.

Mayi_Lensi:
Mtima m'malo pang'ono, khadi imene simunaikhudzeyo ili ndi mwayi waukulu. Kufomata wamba mu kamera nthawi zambiri kumangofufuta ndandanda yonena kuti fayilo yakuti ili pakuti, zithunzi zenizenizo zimakhala zidakali pomwepo mpaka mutalembapo zina. Pokhapokha ngati munasankha low level format, imeneyo ndiye imasesa zonse. Tsitsani kakiyi kam'mbali mwa khadi kaja kuti isalembedwe kanthu, ikani mu card reader osati mu kamera, ndiye mutsitse pulogalamu yobweza mafayilo ya PhotoRec, ndi yaulere imabwera limodzi ndi TestDisk. Maonekedwe ake ndi oopsa, ndi zolemba zokhazokha pa sikirini yakuda, koma imagwira ntchito. Chofunika kwambiri: zimene ikupeza muziuze kuti izisunga pa disiki ina, osati pa khadi yomweyo. Mayina a mafayilo abwera osokonezeka, f0012345 ndi zina zotero, koma tsiku ndi nthawi yojambulira zili mkati mwa fayilo ndiye pulogalamu yokonzera zithunzi ya Lightroom izisanja yokha.

Khadi yachiwiriyo yesaninso. Zithunzi 300 za RAW ngati chilichonse ndi 25MB kapena 30MB ndiye kuti zadya 9GB basi pa 64GB, zimene zinali kutsogolo kwa malo amenewo mwina zidakalipo. Zoyambirira ndiye zapita.

MkuluWaStudio:
Ndifunseko, catalog yanu ya Lightroom (fayilo yosunga ndandanda ya zithunzi ndi zimene mwakonza) inali pa laputopu kapena pa disiki yagwayo? Ndipo polowetsa zithunzi munachonga Build Smart Previews? Ngati munachonga, muli ndi makope ang'onoang'ono a chithunzi chilichonse, mbali yaitali ndi mapikiselo 2,560, ndipo mutha kuwa-exporta ngakhale disiki palibe. Sizokwanira kusindikiza chithunzi chachikulu chapakhoma koma pa masamba wamba a album zimatheka ndithu, ine ndinapulumukirapo pamenepo.

Kamerayanga:
Ndabwera ndi nkhani yabwinoko. PhotoRec yatenga maola awiri ndi theka, khadi ya madzulo yabweza zonse 940, ndatsegula zambiri zili bwinobwino. Khadi ya m'mawa yabweza 500 ndi zina, koma zimene zasowa ndi zoyambirira zija monga ananenera Mayi_Lensi, mkwatibwi akuvala, akulowa, mpaka pafupi ndi povekana mphete. Catalog ili pa laputopu ndipo ma Smart Previews alipo!! Ndinkachonga chizolowezi chabe kuti laputopu isamachedwe. Ndaona chithunzi cha mayi ake a mkwatibwi akumukonza chophimba kumutu misozi ili m'maso, ndinkaganiza kuti chapita, chilipo ngakhale ndi chaching'ono. Manja akunjenjemerabe.

Nanga disikiyi ndiitani? Mulinso ntchito zanga za zaka zitatu.

Wamakompyuta:
Ikanakhala kuti sikulira, ikungochedwa kapena kudumpha mafayilo ena, ndikanati tiikope yonse ndi pulogalamu ya ddrescue pa Linux, imayamba ndi malo abwino kenako nkubwerera ku malo ovuta. Koma yolira chonchi ikufunika anthu obweza data amene ali ndi chipinda chopanda fumbi, amasintha kamutu ndi ka disiki ina yofanana nayo. Ndi zodula, musanapereke afunseni ngati amalipiritsa akalephera, ndipo akuonetseni ndandanda ya mafayilo amene apezeka musanalipire. Wokonza mafoni kapena malaputopu wamba ayi, si ntchito yake. Palibenso changu, disiki ili mu kabokosi siikuonongeka, mutha kuyamba mwamaliza album.

Wophunzira:
Ine ndangoyamba kumene ntchitoyi ndipo nkhaniyi yandiopsa. Ndimaganiza zogula ka bokosi kaja ka madisiki awiri ka RAID 1, kolemba zofanana pa onse awiri, basi nkhawa yatha eti? Kapena disiki ya SSD poti ilibe zozungulira

MkuluWaStudio:
Mwana wanga RAID 1 imakuteteza pa chinthu chimodzi chokha, disiki imodzi ikafa inayo ipitiriza. Koma ukafufuta foda molakwitsa imafufutika mbali zonse ziwiri nthawi yomweyo. Kachilombo ka ransomware kakalowa kamatseka zonse ziwiri. Mphezi ikalowa mu waya, kapena akuba akanyamula bokosilo, zonse zapitira limodzi. SSD ndi yabwino kugwirirapo ntchito ndipo ikagwa sikawirikawiri kuvulala, koma imafa mwadzidzidzi osalira nkomwe, ndipo ukafufuta fayilo pa SSD chifukwa cha TRIM, imene imasesa malo a fayilo yofufutidwayo, kuibweza nkovuta kwambiri. Komanso si yoti uiike mu kabati zaka zambiri osaiyatsa.

Ine ndimatsatira 3-2-1, njira imene anaitchukitsa ndi wojambula mnzathu Peter Krogh: makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, kope limodzi likhale kutali ndi pamene umagwirira ntchito. Mmene ndimachitira ndi chonchi. Ndikabwera kojambula, ngakhale nditatopa bwanji, sindigona ndisanakopere khadi pa disiki yogwirira ntchito ndi pa disiki yachiwiri. Ndimagwiritsa pulogalamu yokopera mafayilo ya FreeFileSync, ndinaiuza kuti mafayilo amene ndafufuta kapena kusintha isamawataye koma iziwaika mu foda ina yokhala ndi deti. Disiki yachiwiriyo ndikamaliza ndimaizula, sikhala yolumikizidwa. Ndiye pali yachitatu imene imakhala kwa m'bale wanga, Lachisanu lililonse ndimasinthanitsa, iyi ipite iyo ibwere. Ndipo khadi sindifomata mpaka ntchitoyo ili malo atatu. Ndinagula makhadi ambiri chifukwa cha zimenezi, khadi yodzaza ndimaitembenuza chadodolido mu kachikwama kake kuti ndidziwe kuti iyi isakhudzidwe.

Mayi_Lensi:
Ndionjezere ziwiri. Ngati kamera yanu ili ndi malo a makhadi awiri isetini kuti izilemba pa onse awiri nthawi imodzi, osati ina ikadzaza ndiye ipite pa inayo. Ambiri timaiwala kuti kuyambira pojambula mpaka kufika pa kompyuta zithunzi zimakhala pa kakhadi kamodzi kokha. Chachiwiri ndi catalog, ntchito yonse yokonza mitundu ili mu fayilo ya .lrcat osati mu ma RAW. Lightroom imafunsa za backup mukamatseka koma mukapanda kusintha imaisunga pa disiki yomweyo imene pali catalog, ndiye ilozeni kwina.

Chithunzi24:
Zikomo pondikonza za firiji zija, ndinali ndisakudziwa. Nanga cloud, kusunga pa intaneti, bwanji? Ine zanga zonse zili pa Google Photos ndi Drive

Wamakompyuta:
Cloud ndi yabwino ngati kope lakutali lija koma musaidalire yokha. Google Photos inasiya kupereka malo aulere opanda malire pa 1 June 2021, pano zonse zimadya pa 15GB yomwe ija mumagawana ndi Gmail ndi Drive, ukwati umodzi wa RAW sungakwane. Onaninso ngati simunasankhe Storage saver, imeneyo imachepetsa zithunzi zazikulu kufika pa 16MP. China nchakuti foda yochita sync (yofananitsa za pa kompyuta ndi za pa cloud) si backup, mukafufuta pa kompyuta imafufutanso kumwambako, imangokhala mu bin masiku 30 pa Drive. Ngati intaneti yanu ndi yochedwa musalimbane ndi ma RAW onse, kwezani ma JPEG omaliza amene mwapatsa kasitomala ndi catalog, ma RAW akhale pa disiki yakutali ija.

Ndipo kamodzi pamwezi tsegulani pulogalamu ya CrystalDiskInfo muone ma SMART, manambala oonetsa thanzi la madisiki anu. Mukaona Reallocated Sectors kapena Current Pending Sector zikukwera, kapena yalemba Caution yachikasu, koperani zonse ndipo disikiyo ipume. Sikuti imachenjeza nthawi zonse, zina zimafa zili pa Good, nchifukwa chake muzitsegulanso mafayilo angapo pa backup kuona ngati akutsegukadi.

Kamerayanga:
Ndawaimbira eni ukwati ndawauza zoona zonse, kuti zithunzi zina za m'mawa zikhala zazing'ono ndipo sizingakulitsidwe kwambiri pokhapokha disiki itabwezedwa. Anakhumudwa koma amvetsa, akuti chachikulu chapakhoma tisankhe pa za madzulo. Lero ndagula madisiki awiri, zimene zabwezedwa zija pamodzi ndi catalog zili pa onse awiri komanso pa laputopu, imodzi ndikaisiya kwa achemwali anga mawa. Makhadi aja ndawatembenuza chadodolido, sindiwafomata mpaka album itaperekedwa. Akulu a studio, pa FreeFileSync paja ndisankhe Mirror kapena Update? Ndikuopa kudina zolakwika.

MkuluWaStudio:
Mirror, imene imapangitsa kuti backup ifanane ndendende ndi disiki yogwirira ntchito, koma pa Delete and overwrite musankhe Versioning, ija yosunga mafayilo ofufutidwa kapena osinthidwa mu foda ina, ndipo muilozere foda yake. Kumanzere kukhale disiki yogwirira ntchito, kumanja ya backup, mukasemphanitsa pamenepo ifufuta zatsopano zanu. Dinani Compare kaye muwerenge zimene ikufuna kuchita, mukaona mafayilo ambiri alembedwa kuti afufutidwa imani mutumize screenshot pano tione limodzi musanadine Synchronize.