Zonse akumanga ku kagulupu ka anthu 4, ife tikungoona zatha kale

kabaza404:
Moni akuluakulu. Pali kankhani kakundidya mumtima ndiye ndati ndifunse kuno. Kwa chaka ndi theka ndakhala ndikuthandiza kapulojekiti ka open source (pulogalamu yomwe code yake aliyense atha kuiona ndi kuthandiza kuikonza), dzina sinditchula, ndi ka library kakang'ono (code yomwe mapulogalamu ena amagwiritsa ntchito) ndipo tonse ndi ongodzipereka palibe amene amalandira ngakhale tambala. Ine ndimakonza ma bug (zolakwika za mu code) ndi documentation (malangizo a kagwiritsidwe ntchito) usiku ndikaweruka. Mwezi wathawu ndinatha sabata ziwiri ndikulemba patch (code yokonza gawo lina la pulojekitiyi), magetsi akathima ndikupitiriza mpaka batire ya laputopu ithe, bando yogula ndekha, ndiye nditatumiza pull request (pempho loti patch yanga ilowe mu pulojekiti) inakhala masiku 10 osayankhidwa kenako maintainer (woyang'anira pulojekiti) wina anangoitseka ndi kamzere kamodzi koti gawo limenelo tinagwirizana kale kuti lichoke. Munagwirizanira kuti? Ndafufuza ma issue onse (masamba apoyera momwe timalemba mavuto ndi zokambirana) mulibe. Pano ndamva kuti anthu 4 omwe amatha ku merge (kulowetsa code ya ena mu pulojekiti) ali ndi kagulupu kawo ka Telegram ndipo zonse zimathera komweko. Nditafunsa wina anangoti code ili poyera, ukufunanso chani. Kodi ndi mmene zimakhalira kulikonse? Ndidandaule poyera kapena ndingochoka mwakachetechete?

Achimwene_Tux:
Ayi aise si kulikonse, ndipo amene anakuyankhayo wasokoneza zinthu ziwiri. Code imangoonetsa chimene chinachitika, siiuza munthu chifukwa chake ndipo siikuchenjeza kuti mawa tikugwetsa khoma limene iwe ukupakalo. Ku Apache, bungwe lalikulu la open source, ali ndi kamwambi kawo koti chimene sichinakambidwe pa mailing list (gulu lapoyera lokambirana pa imelo) ndiye kuti sichinachitike, mutha kukumana pa foni kapena pa mowa mugwirizane bwanji koma mubwere nazo pa list, ndipo mavoti awo amasiyidwa otsegula maola osachepera 72 kuti amene anali mtulo ku mbali ina ya dziko kapena anali ku maliro apeze mpata woponya +1 kapena -1 yake. Debian nayo, gulu lopanga mtundu wina wa Linux (pulogalamu yoyendetsa kompyuta ngati Windows), mu chikalata chawo cha malonjezo chotchedwa Social Contract cha 1997 mfundo yachitatu imati sitibisa mavuto, nchifukwa chake ma bug report awo aliyense amawerenga ngakhale amene muli kukangana.

Koma nawonso si angelo kkkk. Ali ndi list yobisika ya debian-private, mu 2005 anavota kuti mameseji a mmenemo azitulutsidwa pakatha zaka 3, palibe anagwira ntchito yotulutsayo mpaka mu 2016 anavotanso kuthetsa lonjezolo. Ndiye kagulupu kobisika kameneka ndi matenda akale. Iwe tsegula issue, osati yodandaula za patch yako, ufunse kuti zigamulo za pulojekiti zimalembedwa pati kuti ena tisamataye nthawi.

Nangozo_root:
Ndikugwirizana ndi achimwene pamwambapa koma kabaza usanalembe issue yakoyo tamvera nkhani ya xz kaye, chifukwa ine inandisintha kalankhulidwe ndi ma maintainer.

xz ndi kapulogalamu kopanikiza mafayilo kuti achepe, kali pafupifupi mu Linux iliyonse, ndipo kwa zaka zambiri amene ankakasamala anali munthu mmodzi, Lasse Collin wa ku Finland, mwaulere. Mu 2021 kunabwera munthu wodzitcha Jia Tan, waulemu, ma patch abwinobwino. Mu 2022 pa mailing list ya pulojekitiyi kunayamba kutulukira mayina ena, Jigar Kumar ndi Dennis Ens, kumamupanikiza Lasse kuti zinthu zikuchedwa, sakusamalanso, apereke mpando kwa wina. Lasse anayankha poyera kuti mutu wake sukuyenda bwino kwa nthawi yaitali ndipo anthu akumbukire kuti iyi ndi ntchito yapambali yopanda malipiro. Tangoganizani, munthu wanena yekha kuti ndatopa, pamalo poti dziko lonse likanatha kuwerenga, koma makampani onse amene ma seva awo amadalira kapulogalamu kameneka palibe anabwera kudzati tikuthandize pati. Amene anali pafupi ndi Jia Tan yemweyo, ndipo pang'onopang'ono anapatsidwa mphamvu mpaka kumatulutsa ma release (ma version atsopano opita kwa anthu).

Mu February 2024 kunatuluka xz 5.6.0 kenako March 5.6.1, zonse zili ndi backdoor (khomo lobisika) yoti munthu amene ali ndi kiyi yake atha kulowa mu seva kudzera pa SSH, njira yolowera mu kompyuta uli kutali. Ndipo apa ndi pamene mawu oti code ili poyera amagwera: chiphecho anachibisa mu mafayilo oyesera omwe amaoneka ngati zinyalala za binary, ndipo kachidutswa kokadzutsa kanali mu fayilo ya build-to-host.m4 ya mu tarball (phukusi la mafayilo a release) yokha, mu git (mosungira code yapoyera) munalibe. Anthu amawerenga git koma ma distro (mitundu ya Linux) amatenga tarball. Zinali zitalowa kale mu ma distro ngati Debian unstable, Fedora Rawhide, openSUSE Tumbleweed ndi Kali. Anatipulumutsa ndi Andres Freund, mmodzi mwa opanga PostgreSQL (pulogalamu yosunga data) amene amagwira ku Microsoft, iye amangoyesa zake ndiye anadabwa kuti bwanji sshd (pulogalamu ya SSH ya pa seva) ikudya CPU chonchi ndipo kulowa kukuchedwa ndi theka la sekondi. Theka la sekondi anthuni, ine netiweki yathuyi ndikanangoti ndi mmene zimakhalira. Anakumba mpaka anapeza, pa 29 March 2024 analemba pa mailing list ya oss-security, ndipo vutoli linapatsidwa nambala yoti CVE-2024-3094.

Ndiye ine ndimaona mbali ziwiri. Mbali ina, zimene sizioneka ndi zimene zimaluma, monga ndani wapatsidwa mphamvu yo merge, anamusankha ndani, release imapangidwa pa kompyuta ya ndani, zimenezo gulupu yanu ya anthu 4 ikuyenera kuziika poyera kuposa code yomwe. Mbali inanso, kudandaula poyera kutha kukhala chibonga. Mameseji amene anafooketsa Lasse ukawawerenga amamveka ngati a munthu wokhumudwa wamba, ngati iweyo lero. Mwina anthu 4 ako anathawira ku Telegram chifukwa pa issue tracker aliyense amangobwera kudzawakalipira. Sindikuti akulondola. Koma funsa ngati munthu amene akufuna kunyamula nawo katundu.

mai_a_sudo:
Ine ndi maintainer wa kapulojekiti kena ndiye ndiyankhulako ngati wolakwa. Ifenso tili ndi gulupu yobisika ndipo sitiitseka. Nkhani ya security sungaiike poyera isanakonzedwe, Freund yemweyo anayamba wadziwitsa a security a Debian ndi ma distro asanalengeze. Wina akanena kuti mnzake akumuvutitsa mu inbox sungakambe zimenezo pa GitHub. Vuto ndi loti gulupu mukaitsegulira zinthu ziwiri zimenezi imayamba kukoma, kuyankha ndi kofulumira, palibe mlendo wokutsutsa, ukungotumiza voice note uli mu minibasi, mwezi usanathe ndi roadmap (mapulani a pulojekiti) yonse yalowa komweko osadziwa. Si nkhanza, ndi ulesi wa anthu otopa. Ndipo kubisa kwambiri kumaphulika, ku pulojekiti ya Rust (chilankhulo cholembera mapulogalamu) mu November 2021 timu yonse ya ma moderator inatula pansi udindo ikunena kuti core team (atsogoleri a pulojekitiyo) siyankha kwa wina aliyense, tsatanetsatane sananene, anthu anangotsala ndi mphekesera.

Ife tinachita chophweka. Chilichonse chokhudza code tikagwirizana ku gulupu, amene anayambitsa nkhaniyo amalemba mizere itatu mu issue, tagwirizana chakuti, chifukwa chakuti, amene akutsutsa anene lisanafike Lachisanu. Nthawi zina timaiwala, osanama.

kabaza404:
Zikomo nonse. Nangozo mwandigwira, draft yanga yoyamba inayamba ndi mawu oti ngati simukufuna anthu ena mungonena, ndafufuta kkkk. Ndalemba monga ananenera achimwene ndipo ndawonjezera kuti ngati alibe nthawi azinditumizira mfundo zawo ine ndizilemba mu issue sabata iliyonse. Mmodzi wayankha usiku womwewo kupepesa, akuti gawo lija analichotsa chifukwa amene ankalidziwa anasiya chaka chatha ndipo palibe ankafuna kuligwira, akanadziwa kuti ndikuligwira bwenzi atandipatsa. Atatu enawo ziii mpaka pano.

Nangozo_root:
Iwe unanenapo pena paliponse kuti wayamba kuligwira gawo limenelo usanathe sabata ziwiri zija?

kabaza404:
Mmm ayi. Ndimafuna ndiwadzidzimutse ndi patch yathunthu.

mai_a_sudo:
Kkkkk ndiye magulupu obisika anali awiri, inayo ya munthu mmodzi. Akakupatsa gawolo ufunsenso kuti ma release amapanga ndani komanso pa makina ati, ndikufuna ndimve yankho lake.