Jenereta ndiilumikize bwanji ndi nyumba magetsi akathima?

Amayi a mapasa, Area 25

Moni abale anga. Ndikupempha nzeru kwa odziwa za magetsi. Ine ndimagulitsa nkhuku zososola kale ndi thobwa lozizira pakhomo pano, choncho firiji ndiye munda wanga. Mlongo wanga wa ku Joni atamva kuti tsiku lina ndinataya nkhuku zisanu ndi ziwiri zitayamba fungo, ananditumizira jenereta ya petulo. Pambali pake palembedwa kuti 2.5 kVA.

Pakadali pano magetsi akathima ndimailiza pakhonde, n'kukoka waya kudzera pawindo la kukhitchini mpaka pafiriji. Windolo silitsekekanso, udzudzu umangolowa, mapasa anga apunthwa pawayapo kangapo. M'zipinda mumakhalabe mdima, ndipo mwana wanga wa Fomu 4 amawerengera tochi ya foni pomwe jenereta ikulira panja. Zimandiwawa.

Lachiwiri mnyamata wina woyandikana nafe anabwera ndi waya wa mapulagi mbali zonse ziwiri. Anatsitsa main switch, pulagi ina n'kuika kujenereta, ina pasoketi ya pabalaza. Nyumba yonse inati ngwee! Ine ndinasangalala, koma bambo a ana atabwera anakaniratu, akuti zimenezi zimapha anthu. Chifukwa chake sakufotokoza bwinobwino. Nanga ngati main switch ndatsitsa, choopsa chili pati? Ndipo njira yoyenera ndi iti?

Wamagetsi wa ku Ndirande

Amayi, bambo akunena zoona. Wayayo musamugwiritsenso ntchito ngakhale kamodzi.

Yang'anani pulagi iliyonse m'nyumba mwanumo. Mano ake amakhala poyera chifukwa isanalowe m'soketi imakhala yopanda moto. Tsono waya wa mnyamatayo akalowa kujenereta yolira, mano a pulagi inayo amakhala ndi mavoti 230 ali poyera. Mwanena kuti mapasa amapunthwa pa waya. Tsiku lomwe adzazule pulagiyo pabalaza n'kuitola kuti abwezere, adzagwidwa nyesi pompo.

Za main switch, mukudalira kukumbukira kwa munthu. Lero mwatsitsa, mawa mwatsitsa. Tsiku lina muli kumaliro, mwana wa Fomu 4 uja akufuna kuwerenga, waliza jenereta, waiwala. Motowo suthera m'nyumba mwanu ayi. Umatuluka kudzera pamita, n'kukwera pa pholo, n'kukafika pa thiransifoma. Thiransifoma imagwira ntchito mbali zonse: monga imatsitsira mavoti 11,000 kuti afike kwanu ali 230, ndi momwenso imakwezera a jenereta yanu kuti abwerere m'mawaya akuluakulu aja. Wogwira ntchito ku ESCOM amene wakwera kukakonza, akudziwa kuti mzerewo wauzimitsa, ndiye angagwidwe. Ndi mwana wa munthu ameneyo, kwawo akumudikira. Komanso magetsi akabwera jenereta ili yolumikizidwa chotero, mphamvu ziwirizo zimawombana, jenereta imapsa, nthawi zina ndi moto m'nyumba.

Njira yake ndi changeover switch. Ndi kabokosi koikidwa pakati pa mita ndi DB, bokosi la mabuleka lija. Chogwirira chake chili ndi malo atatu: ESCOM, pakati pozimitsa, ndi jenereta. Anachipanga mwakuti mbali ziwirizo sizingakumane, ngakhale mwana atachipotoza bwanji. Ikhale yodula mawaya onse awiri, wa moto ndi wa neutral. Panja pakhoma amaikapo polowetsera pake pomwe mano amakhala kukhomako, ndiye kumapeto kwa waya wochokera kujenereta kumakhala mabowo, palibe chitsulo chamoto choti mwana angagwire. Woikayo aonenso earth ya nyumbayo, ndipo ayese ngati earth leakage, buleka yomwe imadula magetsi moto ukathawira pansi kapena pa munthu, ikudumpha nyumba ili pa jenereta, chifukwa majenereta ang'onoang'ono ambiri amasiyana mmene anawalumikizira mkati.

Woika akhale ndi chiphaso cha MERA, mumufunse akuonetseni. Asakhudze mita kapena kudula zomatira zake. Ndipo mumuuze akuikireni kababu kakang'ono ku mbali ya ESCOM, kuti magetsi akabwera muziona. Popanda kameneka mudzawotcha petulo usiku wonse anzanu akuonera TV.

Bambo wa ku Luwinga

Za mawaya anena kale achimwene. Ine chandigwira mtima ndi mawu akuti pakhonde ndi pawindo losatsekeka.

Mu 2022, chimphepo cha Ana chitaononga ku Kapichira, nanenso ndinagula jenereta. Poopa akuba ndinkailizira m'kanjira ka kuseri pakati pa khitchini ndi stolo, chitseko chotsekula pang'ono. Usiku wina ndinadzuka mutu ukuwawa ngati andimenya ndi chibonga. Mayi a kunyumba chizungulire, mwana wamng'ono akusanza. Tinkaganiza kuti ndi ndiwo za madzulo. Kuchipatala atamva za jenereta anatiuza kuti ndi mpweya wa carbon monoxide, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba nthawi yozizira. Ulibe fungo, suoneka, umangokufooketsa uli m'tulo.

Mayi, ichotseni pakhondepo lero lomwe. Ikhale pamtetete, mamita asanu ndi limodzi kapena kuposa kuchokera pa mawindo ndi zitseko, potulukira utsi poloza kwina. Ine ndinapita kwa owotcherera zitsulo, anandipangira khola la mawaya okhuthala lokhala ndi denga la lata, n'kulimangirira pa simenti ndi loko. Mvula siifika, mphepo imadutsa mbali zonse. Ndipo petulo musamathire ikulira kapena ili yotentha, muziyamba mwaizimitsa ipole.

Amayi a mapasa, Area 25

Mayo ine, ndachita mantha. Mapasawo amagona chipinda choyandikana ndi khonde lomwelo. Ndaisuntha kale, ili pansi pa mtengo wa mango kuseri.

Achimwene a ku Ndirande, mafunso awiri. Changeover ikaikidwa, ndiye kuti chilichonse m'nyumba chizigwira ntchito, ngakhale cooker? Chinanso, nyumbayi ndi ya lendi.

Wamagetsi wa ku Ndirande

Cooker ayi, amayi. Jenereta ya 2.5 kVA imapereka mawati pafupifupi 2,000, ndipo si bwino kuisenzetsa mpaka pamapeto. Ketulo yokha imadya chapomwepo. Simbi, hotplate, geyser, zonse zotenthetsa ndi zolusa, zimenezo zisiyeni. Firiji ikamayenda imadya pang'ono, koma injini yake ikamadzuka imakoka katatu kapena kuposa kwa kamphindi, n'chifukwa chake mumamva jenereta ikusintha kaliridwe. Firiji, mababu a LED, TV ndi kutchaja mafoni ikwanitsa bwinobwino. Ine ndimakonda kupatula mabuleka a mababu ndi a masoketi ochepa kuti okhawo ndiwo azilandira moto wa jenereta. Cooker ikatsala kunja, ngakhale mlendo ataiyatsa palibe chichitike.

Poyatsa, yambani mwaliza jenereta ikhazikike, kenako mupotoze changeover. Pozimitsa, zimitsani kaye zonse zomwe zikudya moto, jenereta pomaliza.

Popeza inachokera ku South Africa, ndikukhulupirira kuti masoketi ake ndi a mabowo ozungulira, osati a mano amakona ngati athu. Musadalire tiadaputa totchipa ta pamsika, timatentha n'kusungunuka. Wamagetsi aike pulagi yeniyeni yolowa bwino, pa waya wokhuthala wa 2.5 mm kapena 4 mm popeza tsopano jenereta ili patali.

Za lendi, lankhulani ndi eni nyumba musanabowole khoma. Ena amavomera kuti mudule pa lendi, chifukwa changeover imatsala m'nyumba mwawo. Akakana, pitirizani ndi waya wolunjika kufiriji, palibe cholakwika pamenepo bola akhale wokhuthala, wa mano atatu, wosalumikiza ndi tepi.

Anakubala a ku Zomba

Mwana wanga, inenso ndine wa geni ya nsomba ndi nkhuku. Firiji ya chivundikiro chapamwamba ikakhala yodzaza ndipo simukuitsekulatsekula, imasunga zinthu zouma gwa kwa tsiku lathunthu ngakhale kuposa. Mipata yotsala ndimaikamo mabotolo a madzi kuti aume, ndipo thobwa la makasitomala ndimalitulutsa kamodzi m'mawa n'kuika m'cooler box. Jenereta ndimailiza maola ochepa chabe, petulo asadye phindu. Wa Fomu 4 uja mugulireni nyali yotchaja kapena ya sola, asadikire kuti nkhani ya eni nyumba ithe. Mayeso ali pafupi.

Amayi a mapasa, Area 25

Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Waya wa mapulagi awiri uja bambo amudula pulagi imodzi madzulo ano ndipo mnyamatayo tamuwerengera zomwe mwalembazi, chifukwa kwawo akuchita chimodzimodzi. Nyali ndigula mawa ndikagulitsa nkhuku. Eni nyumba akubwera Loweruka kudzatenga lendi, ndidzawaonetsa pamene changeover ingakhale, pakhoma la pafupi ndi mita.