Mabuku a Kierkegaard tiwaike pa shelefu iti?

Mayi Nachisale: Anzanga, ndithandizeni nzeru. Kulaibulale kwathu, kukoleji ya zaubusa, talandira katoni ya mphatso, muli mabuku 9 a Søren Kierkegaard, katswiri wa filosofi ndi zachikhristu wa ku Denmark. Afika pa nthawi yake, chifukwa chaka chino ophunzira akungomufunsa m'mawa ndi madzulo. Koma amene ankagwira ntchitoyi ine ndisanabwere anamwaza mabuku akale, ena pa nambala ya shelefu 230 (ya zachikhristu), ena pa 198.9 (ya filosofi ya ku Denmark). Chinanso, mkati mwa Fear and Trembling mwalembedwa Johannes de Silentio. Mlembi ndilembe ndani?

Bambo Chirwa: Kierkegaard yemweyo, mayi. De Silentio ndi dzina lobisalira. Anali nawo angapo: Victor Eremita, Johannes Climacus, Anti-Climacus.

Mayi Gondwe: Zoona, koma mainawo musawataye, aikeni ngati dzina lowonjezera mu katalogu. Mwiniwake anapempha mu 1846 kuti wogwira mawu a m'mabuku amenewo azitchula dzina lobisaliralo. Aphunzitsi ena amalimbikira zimenezo, ndiye mwana adzabwera akufuna Climacus, kompyuta n'kumuuza kuti kulibe.

Bambo Chirwa: Za shelefu, ine ndingawagawe. Works of Love la 1847 analemba m'dzina lake, ndipo ndi lachikhristu kuyambira tsamba loyamba. Likatani pa filosofi?

Mayi Gondwe: Ayi bambo, pamenepo ndakana. Mukagawa, wophunzira apeza theka n'kumapita. Onse akhale pa 198.9, zachikhristuzo zilowe pa mitu ya nkhani mu katalogu. Mabuku ofotokoza za iye akuchulukirachulukira, malo amodzi adzakupulumutsani. Munthuyu anamwalira mu 1855 ku Copenhagen ali ndi zaka 42, analemba m'Chidanishi, ndipo m'Chingerezi anayamba kumveka cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, Walter Lowrie ndi David Swenson atamumasulira. Lero ali ndi laibulale yakeyake ku St. Olaf College ku America. Siyani mpata pa shelefupo.

Mayi Nachisale: Mwatchula Lowrie, akale athuwo ndi ake, masamba achita kufiira. Atsopanowa ndi a Howard ndi Edna Hong. Akalewo ndichotse?

Mayi Gondwe: Musayerekeze. Mabuku omasulira a Hong, osindikizidwa ndi Princeton University Press, ndi amene akatswiri ambiri amatchula, koma a Lowrie akuwerengedwabe. Ingolembani womasulira pa buku lililonse, poti manambala a masamba sagwirizana.

Bambo Chirwa: Chabwino, ndagonja pa 198.9. Koma yesani kusaka "Soren" wopanda kamzere pa o. Ana athu salemba ø.

Mayi Nachisale: Ndayesa pompano, atuluka awiri okha. Ndiyamba ndi zimenezo mawa, malebulo Lachisanu.