Mawu a kalimba akukana kugwirizana ndi kiyibodi

Mphunzitsi wa nyimbo, Chilenje:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndinajambula agogo ena ochokera ku Katete akuimba kalimba, ndipo ndikufuna kulemba nyimboyo pa staff (mizere isanu yolembapo manoti) kuti ophunzira anga aiphunzire. Liwu loyambira ndaliika pa C, koma lachitatu likugwera pakati pa E flat ndi E. Ndikalemba E likukwera kwambiri, ndikalemba E flat nyimbo ikumveka yachisoni, pomwe agogowo akuimba mokondwa. Kodi kalimbayo sinachunidwe bwino?

Woimba kiyibodi, Matero:
Ayi aphunzitsi, kalimbayo musaiimbe mlandu. Kiyibodi imagawa octave (mtunda wochoka pa doh kufika pa doh wapamwamba) m'magawo 12 ofanana, gawo lililonse ma cent 100 (cent ndi kamuyezo ka kukwera kwa liwu). Zida zina za kuno ku Zambia, ku Malawi ndi ku Mozambique zimayandikira magawo 7 ofanana, lililonse pafupifupi ma cent 171. Mukakwera magawo awiri kuchokera pa C mwafika pa 343, pomwe E flat ili pa 300 ndipo E ili pa 400. Ndikuganiza kuti liwu lanulo lili pomwepo. Agogowo anachuna momwe khutu lawo linaphunzirira kumudzi.

Wotsogolera kwaya, Kabwata:
Ndikuvomereza, achimwene. Ngakhale kiyibodiyo si muyezo wa zonse. Ife tikamaimba popanda chida, oimba mi amatsitsa liwu pang'ono osadziwa, chifukwa khutu limakonda kuti mtunda wochoka pa doh kufika pa mi ukhale ma cent 386, osati 400. Chord imamveka bwino kuposa ya pa kiyibodi. Zimandipweteka ndikaona nyimbo za makolo zikukakamizidwa kulowa mu doh-re-mi mpaka kukoma kwake kutha.

Woimba kiyibodi, Matero:
Chitani izi. Ikani tuner ya pafoni pa A 440, muyeze kachitsulo kalikonse pakokha m'chipinda chopanda phokoso. Hugh Tracey, yemwe ankajambula ndi kufufuza nyimbo za mu Africa, ankachita zomwezo ndi ma tuning fork (tizitsulo tolira liwu limodzi lodziwika). Pa staff lembani noti yoyandikira, pamwamba pake muike manambala a ma cent osonyeza kusiyana kwake ndi liwu la kalimba, monga E −57. Pamwamba pa tsamba ikani machunidwe onse a chidacho. Mu MuseScore, pulogalamu ya pakompyuta yolembera nyimbo, mutha kusintha tuning ya noti iliyonse kuti kompyuta iimbe monga kalimbayo.

Mphunzitsi wa nyimbo, Chilenje:
Zikomo kwambiri. Vuto ndi loti pa zomwe ndinajambula agogowo akuimbanso ndi pakamwa, ndiye tuner ikusokonezeka.

Wotsogolera kwaya, Kabwata:
Pitaninso kwa agogowo, muwapemphe alize kachitsulo kamodzikamodzi asanayambe nyimbo. Ndipo anawo ayambe amva kalimbayo kangapo musanawapatse pepala. Kiyibodi muizimitse tsiku limenelo.